Dimba Lanu ndi Munthu wa Kuseri kwa Mpanda

Lero tikamba za dimba la pakhomo, koma za mbewu ndi feteleza ziyambe zadikira. Tiyambe ndi munthu wa kuseri kwa mpanda.

Ku Roma, mu Lusaka muno, mapuloti ndi aakulu, malo olima alipo, komabe ndaona anthu akusiya dimba nthaka ili bwinobwino. Chimawagwetsa mphwayi ndi pakamwa pa aneba. "Amai, yadi yabwinoyi mwaisandutsa munda wa kumudzi?" "Abambo, chimanga chanuchi chikutibweretsera udzudzu." "Kodi fungoli likuchokera kwanu?" Wina akamva zotere amapsa mtima n'kuyankha mwachipongwe. Wina amagwidwa manyazi, n'kuzula repu wake yense, n'kudzala kapinga. Onse awiri ataya. Mawu a aneba amafuna lichero, muwapete: mankhusu auluke, maso atsale. Ndipo maso amakhalamo ndithu, nthawi zina ambiri kuposa mmene mwini dimba angafunire kuvomera.

Tiyambe ndi mankhusu. Nkhani yakuti chimanga chimaswa udzudzu ndi yakale mumzinda uno, ndipo m'zaka za m'mbuyomu khonsolo inkatuma anthu kukatchetcha chimanga chobiriwira pa chifukwa chomwechi. Koma mu 1978 ofufuza awiri, Watts ndi Bransby-Williams, anafalitsa mu Medical Journal of Zambia zimene anapeza atasanthula timadzi totsalira pamene tsamba la chimanga limagwirana ndi phesi. Mphutsi za udzudzu sanazipezemo. Udzudzu umafuna madzi okhazikika: m'tayala lakale, m'chitini, m'dramu losavindikira, m'chithaphwi cha pakati pa mizere. Nyengo yotentha, dzira likaikidwa m'madzi, pakangotha sabata imodzi kapena masiku khumi udzudzu wauluka. Choncho aneba akadandaula, musalimbane nawo za chimanga. Aitaneni, muzungulire nawo limodzi yadi yanu, muwaonetse kuti dramu ndi lovindikira, ngalande ikuyenda, udzu wa m'mphepete mwa mpanda ndi wotchetcha. Ngati mwapeza chithaphwi, ndiye kuti aneba anali ndi mfundo, angophonya dzina la wolakwa. Kwirirani tsiku lomwelo.

Pali dandaulo lina la chimanga limene ine ndimaliona kuti ndi loona. Chimanga chachitali kunja kwa geti, m'mbali mwa msewu, chimabisa munthu usiku. Mai wochokera kuntchito mdima utagwa ali ndi chifukwa chochitira mantha. Ndiponso malo a m'mbali mwa msewu si anu. Chimanga chilowe m'kati mwa mpanda.

Nanga mawu aja akuti dimba ndi za kumudzi? Awa amandipweteka mtima, chifukwa amanyoza ntchito yodyetsa ana. Mzinda uno unakonzedwa ndi Stanley Adshead mu 1931, n'kukhala likulu mu 1935, ndipo okonzawo ankalota mzinda wa mitengo, maluwa ndi kapinga. Koma anthu amene anadzakhalamo sanasiye khasu. Bishwapriya Sanyal atafufuza mu Lusaka cha mu 1980 anapeza kuti mabanja opeza pang'ono opitirira theka ankalima, kaya pakhomo kaya pa malo opanda mwini wooneka. Kulima m'tauni ndi mbiri ya Lusaka yeniyeni. Ndipo amene mukukumbukira chaka cha 2024, pamene mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, mukudziwa kufunika kwa bedi limodzi la bonongwe kuseri kwa khitchini. Wonyoza dimba musamuyankhe ndi mawu ambiri. Konzani mabedi owongoka, mita imodzi m'lifupi kuti dzanja lifike pakati osapondamo, tinjira tosesa, zitsotso zochotsa. Nthawi zambiri chimene chimasowetsa aneba mtendere ndi uve wa dimba losasamalidwa, osati ndiwo.

Tsopano tibwere ku maso enieni, ndipo apa ndichedwapo. Aneba akanena za fungo, pafupifupi nthawi zonse amanena zoona. Mphuno yanu yazolowera, yawo sinazolowere. Mwagula matumba a zitosi za nkhuku zaziwisi, mwakhuthula pafupi ndi mpanda, pamene mbali inayo pali zenera la chipinda chawo chogona. Kukatentha mu October, fungo ndi ntchentche zimawapeza iwo musanazimve inu. Chomvetsa chisoni n'chakuti zitosi zaziwisizo zikupwetekanso mbewu zanu, chifukwa zimawotcha mizu. Mankhwala ake ndi kompositi yopangidwa bwino. Yalani pansi timitengo ndi mapesi kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake masamba ouma kapena udzu wouma wochuluka, kenako zobiriwira ndi zotsala za kukhitchini, kenako zitosi pang'ono, kenako kadothi kophimba. Bwerezani mpaka mulu ufike m'chiuno. Thirani madzi oti mukafinya m'dzanja pangotuluka kadontho, osati kuchucha. Tembenuzani pakatha masabata awiri kapena atatu alionse. Pisani dzanja m'kati pakapita masiku angapo: mukamva kutentha, ntchito ikuyenda. Mulu ukanunkha ngati chimbudzi, ndiye kuti madzi achuluka kapena zitosi zapambana zouma. Onjezani masamba ouma ndi kutembenuza. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mupeza manyowa akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi mvula yoyamba itagwa. Mafupa, nsomba ndi nsima yotsala musaponyemo, mungaitane makoswe, ndipo makoswe sadziwa malire a puloti.

Madzi ndiwo nkhani imene imadanitsa anthu kwambiri masiku ano. Nyumba zambiri ku Roma, Kalundu ndi Kabulonga zili ndi borehole, koma madzi a pansi pa nthaka ndi amodzi. Inu mukamapopa tsiku lonse kuthirira ndi payipi dzuwa lili paliwombo, pamene pampu ya aneba ikukoka mpweya, musadabwe akasiya kukupatsani moni. Ganiziraninso za anzathu a ku Ng'ombe, pafupi pomwepa, amene amanyamula zigubu kukafola pa mpopi. Akaona madzi akuyenderera pansi pa geti lanu kupita kumsewu, mtima wawo umamva bwanji? Thirirani m'mawa kwambiri kapena madzulo, ndi kheni, pa tsinde penipeni. M'chilimwe pangani mabedi olowa pansi kuti madzi asathawe. Mvula ikayamba mu November, akwezeni. Phimbirani nthaka ndi udzu wouma, mudzaona kuti bedi lomwe linkafuna madzi tsiku lililonse likupirira tsiku lachiwiri. Amene muli ndi borehole, onetsetsani kuti ndi yolembetsedwa ku bungwe loona za madzi la WARMA monga lamulo likunenera. Madzi otsukuluzira zovala mungathe kupatsa nthochi, mapeyala ndi mapapaya. Koma madzi a m'ngalande kapena otuluka ku thanki la chimbudzi asayandikire ndiwo zamasamba, ngakhale pang'ono. Kolera imene inayamba mu October 2023, mpaka bwalo la Heroes Stadium kusanduka chipatala, isatichoke m'mutu. Mneba amene wakuchenjezani za madzi oipa wapulumutsa banja lanu.

Za mankhwala opopera ndinene mwachidule koma mwamphamvu. Mphepo ikuwomba, osapopera. Kuseri kwa mpandako kuli matewera a mwana pa chingwe, kuli nkhuku, mwina kuli dimba la mnzanu loti athyole madzulo ano. Chidwi chopopera chinakula kuyambira 2016, pamene kachirombo ka tomato kotchedwa Tuta absoluta ndi mbozi zowononga chimanga zinalowa m'dziko muno. Koma pa dimba laling'ono, nsabwe za pa repu zimagonja ndi madzi a sopo pang'ono kapena a masamba a nimu, ndipo masamba a tomato ogwidwa mungathe kuthothola ndi manja n'kukwirira. Ngati mwagula mankhwala a m'botolo, werengani masiku oyenera kudikira musanathyole, ndipo muuzeni mneba tsiku lopopera kuti aanule zovala. Ofuna kuphunzira ulimi wosadalira mankhwala, Kasisi Agricultural Training Centre, kufupi ndi bwalo la ndege, yakhala ikuphunzitsa zimenezi kwa zaka zambiri.

Si onse a kuseri kwa mpanda amene amadandaula. Ena amayamikira, ndipo kuyamikira kwawo kumathera pa pempho. "Amai, nkhwani wanu wakongola, tipatseniko wa ndiwo za masana." Ena mwa inu mumatopa nazo, ndikudziwa, maka wopemphayo akabwera tsiku ndi tsiku. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo mneba amene anadyako kholowa wanu ndi amene adzathamangitse wakuba inu muli kumaliro ku Chipata. Koma pali kapatsidwe kanzeru. Ulendo woyamba mpatseni masamba. Ulendo wachiwiri mpatseni masamba pamodzi ndi mbande khumi za pa nazale, kapena zingwe za mbatata zoti akadzale. Akati alibe malo, monga anzathu a m'mafulati a ku Kabwata, muonetseni thumba lodzaza dothi ndi manyowa, loboola m'mbali, miyala pakati pothirira madzi. Repu ndi anyezi zimakula bwino mmenemo pakhonde.

Ndipo pali mneba mmodzi amene mawu ake sitiwawerengera: bambo wa ku Ng'ombe kapena ku Garden amene amagwira ntchito m'yadi mwanu. Ambiri a iwo anakulira m'madimba a ku Katete, ku Petauke kapena ku Chongwe. Akanena kuti "Bwana, pamene paja tomato asabwererepo, tiikepo nyemba," mverani, chifukwa akukuuzani kasinthasintha wa mbewu amene ifenso timaphunzitsa. Amayendanso m'mayadi ena, amadziwa matenda amene afika mumsewu wanu inu musanawaone.

Amene mukukhala m'nyumba ya lendi, kambani ndi eni nyumba musanakumbe, mugwirizanenso za bilu ya madzi ngati mita ndi imodzi. Amene mukudzala mitengo, mango ndi mapeyala akhale kutali ndi mpanda, mamita anayi kapena asanu, chifukwa mizu imang'amba khoma ndipo mthunzi umapha dimba la mnzanu. Dzungu likakwera mpanda n'kukaberekera kwa aneba, musatume mwana kukalumpha. Gogodani pa geti, mugawane.

Sabata ino, musanagule mbewu iliyonse, imani pamene mukufuna kuika mulu wa kompositi, muone kumene mphepo ikulowera ndi pamene pali mazenera a aneba. Ngati ayang'anizana, sunthani muluwo upite ku ngodya ina.