Mafunso ndi Mayankho: Mnzanga Wajambula Nkhope pa Kompyuta, Ndimuuze Chiyani?

Wowulutsa: Lero tili ndi aphunzitsi a zojambulajambula, ndipo makalata abwera ambiri. Aphunzitsi, tiyambe ndi mnyamata wa ku Ndirande. Akuti: "Mnzanga wajambula pa tabuleti nkhope ya mtsikana wankhondo wa m'nthano yake ya zithunzi. Ndikuona kuti pena pake pakhota, koma ndikuopa kumukhumudwitsa. Ndimuuze bwanji?"

Aphunzitsi: Zikomo achimwene, funso lanu laonetsa kuti mnzanuyo mumamufunira zabwino. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho musafulumire kutsegula pakamwa. Mufunseni kaye: mtsikanayu ndani, ali ndi zaka zingati, wakwiya kapena watopa ndi nkhondo? Nkhope ya mtengambali si chithunzi cha pa chiphaso. Ngati maso ndi aakulu, mwina adachita dala potsanzira kajambulidwe ka manga ka ku Japan, ndiye inu n'kumakonza pomwe sipanalakwike.

Liz Lerman, katswiri wa zovina wa ku America, adakonza njira ya magawo anayi yoperekera ndemanga pa ntchito ya zaluso, yomwe aluso ambiri amaitsatira. Woona amayamba wanena chomwe chamugwira mtima. Kenako mwini ntchito amafunsa mafunso ake. Pambuyo pake woona amafunsa mafunso osaweruza, ndipo pomaliza amapempha chilolezo asananene maganizo ake. Mukatero mnzanuyo amamva kuti chithunzi chikadali chake.

Wowulutsa: Nanga zokhotazo azitchule motani?

Aphunzitsi: Mawu oti "pakhota" sathandiza munthu. Lozani malo enieni. Pa nkhope ya munthu wamkulu, maso amakhala pafupifupi pakati pa mutu, kuchokera paliwombo kufika kuchibwano, koma ongoyamba kumene amawakweza kufupi ndi tsitsi. Mpata wa pakati pa maso awiri umalingana ndi diso limodzi, ndipo khutu limayambira pa mzere wa nsidze n'kuthera pa mzere wa kunsi kwa mphuno. Andrew Loomis adafotokoza bwino miyeso yotereyi m'buku lake la 1956, Drawing the Head and Hands.

Ndiye mupempheni atembenuze chithunzicho, kumanja kupite kumanzere. Mapulogalamu a Krita, Photoshop ndi Procreate onse amatha kuchita zimenezi. Diso lomwe lazolowera chithunzi kwa maola ambiri limasiya kuona zolakwika, koma chikatembenuzidwa, chibwano chopendekeka chimaonekera poyera. Leonardo da Vinci ankalangiza ojambula kuyang'ana ntchito yawo pa kalilole pa chifukwa chomwechi. Mnzanu akadzionera yekha, inu simufunikanso kulankhula zambiri.

Wowulutsa: Kalata yachiwiri yachokera kwa mayi a ku Chipata, ku Zambia. Akuti mwana wawo wamkazi amajambula pa foni ndi ibis Paint, koma khungu la anthu ake limaoneka ngati lopakidwa matope. Iwo sadziwa zojambula, amuthandize bwanji?

Aphunzitsi: Mayi, maso muli nawo, ndipo ndi okwanira. Mufunseni mwanayo kuti kuwala kukuchokera mbali iti. Akasowa yankho, vuto mwalipeza. Achotse kaye mitundu yonse kuti chithunzi chitsale chotuwa. Ngati mphumi, tsaya ndi khosi zikufanana, ndiye kuti kuwala ndi mthunzi sizinasiyane. Khungu lakuda silikhala la mtundu umodzi. Khalani naye pakhonde dzuwa likamalowa, ayang'ane nkhope yanu: pamphumi pamanyezimira, pamasaya pamafiirira, ndipo kumthunzi kumabwera kabuluu kochokera kumwamba. Amy Sherald, pojambula Michelle Obama pa chithunzi chomwe chidaonetsedwa mu 2018, adapaka khungu lotuwa, koma nkhope ili ndi moyo chifukwa kuwala ndi mthunzi zili m'malo mwake. Chonde mayi, mawu oti matope asatuluke pakamwa panu. Muyamikireni chinthu chenicheni, kaya ndi mangongo omwe waluka bwino, kenako mutchule chimodzi chokha choti akonze.

Wowulutsa: Yomaliza yachokera kwa mchemwali wathu wokhala ku Johannesburg. Akuti adaonetsa chithunzi chake, wina n'kujambula pamwamba pake osamufunsa, n'kuchifalitsa. Kodi kumeneko n'kuthandiza?

Aphunzitsi: Pepani achemwali, munthuyo adakulakwirani. Kujambula pamwamba pa ntchito ya mnzako ndi njira yabwino yophunzitsira, koma umapempha kaye, umajambula pa layer yapadera kuti ntchito yake isakhudzidwe, ndipo umamutumizira iye yekha. Ku kampani ya mafilimu ya Pixar, gulu lomwe amalitcha Braintrust limaunika filimu mosabisa mawu, koma wotsogolera filimuyo sakakamizidwa kutsatira zomwe lanena. Inunso sankhani malangizo ogwirizana ndi chithunzi chanu, enawo muwasiye mwaulemu.

Wowulutsa: Mawu otsiriza, aphunzitsi?

Aphunzitsi: Omvera, mwana kapena mnzanu akakuonetsani chithunzi, musangoti "chakongola" n'kubweza foni. Chiyang'aneni modekha, funsani funso, yamikirani chooneka, ndipo lozani chimodzi choti akonze. Mukatero mawa adzajambulanso china, n'kubwera nacho kwa inu.