Kuyenda ndi Eni Mzinda wa Thessaloniki

Ku Ulaya kuli dziko lotchedwa Greece. Likulu lake ndi Athens, koma kumpoto kwa dzikoli kuli mzinda wina waukulu, dzina lake Thessaloniki. Mzindawu uli m'mphepete mwa nyanja ndipo ndi wakalekale, pakuti unamangidwa ndi Mfumu Cassander zaka pafupifupi 315 Yesu asanabadwe. Mfumuyo inautcha dzina la mkazi wake. Amene amawerenga Baibulo anamvapo za Tesalonika, kumene Paulo analalikira. Mzinda wake ndi womwewu.

Chaka ndi chaka kumafika alendo miyandamiyanda. Ambiri a iwo amathamangira ku Nsanja Yoyera imene ili pagombe, najambula zithunzi, n'kukwera basi ulendo wa kwina. Paja akuluakulu anati mlendo ndi mame. Alendo otere amaona zochepa zedi. Wofuna kuudziwa bwino mzindawu ayenera kulawirira m'mamawa ndi kutsata kumene eni ake akupita.

M'mawa eni mzinda sadya zambiri. Wofulumira kuntchito amagula kabuledi kozungulira ngati nkhata, kowazidwa chitowe, kamene amakatcha koulouri, namadya akuyenda. Amene ali ndi nthawi amalowa m'kasitolo kogulitsa bougatsa. Ichi ndi chakudya cha ufa watirigu wokandidwa mopyapyala ngati pepala, ndipo m'kati mwake amaikamo phala lotsekemera lamkaka kapena tchizi. Wogulitsa amachiduladula ndi mpeni chikali chotentha.

Chakudyachi chili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1922 Agiriki ambiri okhala ku Turkey anathawa nkhondo, ndipo mu 1923 maboma a maiko awiriwo anapangana zosinthana anthu. Agiriki oposa 1,000,000 anasiya nyumba ndi minda ya makolo awo nasamukira ku Greece, pamene Asilamu a ku Greece anatumizidwa ku Turkey. Ambiri mwa othawawo anafika ku Thessaloniki chimanjamanja. Chuma chimene anabwera nacho chinali luso la kuphika ndi nyimbo za kwawo, ndipo bougatsa inatchuka chifukwa cha iwo. Ngakhale timu yampira ya PAOK inayambitsidwa mu 1926 ndi anthu ochokera ku Istanbul. Mumzindamo mulinso timu ina yotchedwa Aris, ndipo mlendo akafunsidwa imene amaikonda mwa ziwirizi, achenjere poyankha!

Atadya, mlendo angadzere kumsika wa Kapani, kumene amayi amagula nsomba, azitona, tchizi ndi zokometsera ndiwo. Ogulitsa amafuula mitengo molimbirana, phokoso lake losasiyana ndi la msika uliwonse waukulu.

Kuchokera kumsikako, njira imakwera phiri kulowera ku Ano Poli, ndiko kunena kuti Mzinda Wakumtunda. Mtunda wake ndi wotopetsa, n'chifukwa chake alendo ofulumira safikako. Kumeneku timisewu n'topapatiza ndi tokhotakhota, toyalidwa miyala. Nyumba zake n'zazing'ono, zina zamatabwa, ndipo pamakhonde pamakhala maluwa ndi amphaka oothera dzuwa. Kulinso malinga akale otchinjiriza mzinda, ndi nyumba ya amonke ya Vlatadon yomangidwa m'zaka za m'ma 1300, kumene amaweta mbalame za pikoko.

Munthu akaima pamalingapo n'kuyang'ana kumunsi, amadabwa kuona kuti misewu ya kumeneko ndi yotakata ndi yowongoka, ndiponso nyumba zake n'zazitali. Kodi kusiyana kumeneku kunabwera bwanji? Mu Ogasiti 1917 moto unabuka m'kanyumba kena pamene ankaphika. Tsikulo kunali mphepo yamkuntho ndipo madzi ozimira anali ochepa. Motowo unayaka usana ndi usiku mpaka tsiku lotsatira, n'kupsereza mbali yaikulu ya pakati pa mzinda. Anthu oposa 70,000 anasowa pogona. Pambuyo pake katswiri wa ku France, Ernest Hébrard, anajambula mapulani a mzinda watsopano. Ano Poli inapulumuka, tsono ndiyo imene ikuonetsa mmene Thessaloniki wakale analili.

Ambiri mwa amene nyumba zawo zinapsa anali Ayuda. Makolo awo anafika mumzindawu atapirikitsidwa ku Spain mu 1492, ndipo anachuluka kotero kuti tsiku la Sabata ntchito inkaima padoko. Koma lero mlendo sangawaone ambiri. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a Germany analanda mzindawu, ndipo mu 1943 anakweza Ayuda oposa 40,000 m'sitima zapamtunda n'kupita nawo ku Auschwitz, kumene pafupifupi onse anaphedwa. Obwerera anali owerengeka.

Ngakhale manda awo sanasiyidwe. Mu Disembala 1942 anayamba kugumula manda a Ayuda, amene anali aakulu kwambiri, ndipo miyala yapamanda inatengedwa kukamangira zipupa ndi misewu. Pamalo pamenepo tsopano pali nyumba za Yunivesite ya Aristotle. Kwa zaka zambiri ophunzira ankayendapo osadziwa chimene chili pansi pa mapazi awo, kufikira mu 2014 pamene panaikidwa chipilala chachikumbutso. Mpaka lero munthu woyenda modekha angathe kupeza mwala wolembedwa zilembo za Chiheberi m'chipupa china kapena pabwalo lina. Wothamanga amangoudutsa.

Pafupi ndi yunivesiteyo pali chipata chachikulu chamiyala chimene anamangitsa Galerius, mfumu ya Aroma, cha m'ma 300. Alendo amaimirira pamenepo kupenyetsetsa zithunzi za asilikali zosemedwa pamiyalayo. Eni mzinda amangochitcha Kamara, ndipo kwa iwo ndi malo odikirirana basi. Mnyamata akafuna kuonana ndi mnzake amangoti, "Tikumane pa Kamara."

Dzuwa likapendeka, mabanja amatsikira kunyanja kukawongola miyendo. Agogo, makolo ndi ana amayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa gombe, akupatsana moni ndi kucheza. Ena amakhala pamipando ndi kapu imodzi yokha ya frappé, khofi wozizira wathovu amene anayambira mumzinda womwewu mu 1957, ndipo kapu imodziyo amatha nayo maola awiri. Akaona munthu wajijirijijiri amamuuza kuti, "Halara," kutanthauza kuti, "Fatsani." Kukakhala kopanda mitambo, kutsidya kwa nyanja kumaoneka phiri la Olympus, limene Agiriki akale ankakhulupirira kuti kumakhala milungu yawo. Ana amaloza phirilo, dzuwa n'kulowa, nyale za m'misewu n'kuyaka.

Mafunso

1. Kodi mzinda wa Thessaloniki unamangidwa ndi yani, nanga unatchedwa dzina la yani?
2. Fotokozani kusiyana kwa koulouri ndi bougatsa.
3. Anthu amene anathawa ku Turkey anabwera ndi chuma chotani?
4. N'chifukwa chiyani misewu ya ku Ano Poli ndi yosiyana ndi ya kumunsi kwa mzinda?
5. Kodi pamalo pamene pali Yunivesite ya Aristotle panali chiyani kale?
6. Alendo ndi eni mzinda amasiyana bwanji akafika pa Kamara?

Ntchito

(a) Perekani matanthauzo a mawu awa ndipo muwagwiritse ntchito m'ziganizo zanuzanu: miyandamiyanda, chimanjamanja, malinga, kupirikitsa, wajijirijijiri.

(b) Kambiranani tanthauzo la mwambi wakuti "Mlendo ndi mame." Tchulani miyambi ina iwiri yonena za alendo.

(c) Tiyerekeze kuti kwanu kwafika mlendo amene adzakhala tsiku limodzi lokha. Lembani ndime ziwiri zofotokoza malo amene mungapite naye, amene iye payekha sangawadziwe.