Kulondola Mzera wa Makolo

Mu mzinda wa Blantyre muli anthu a mitundu yambiri. Munthu akafunsa okhala ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa kapena Machinjiri kuti kwao nkuti, ambiri amatchula Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Koma akafunsitsa, amapeza kuti makolo a ena mwa iwo anachokera kunja kwa dziko lino. Ena mwa anthu otere ndi Alomwe.

Kwao kwakale kwa Alomwe ndi ku Mozambique, cha ku phiri la Namuli. Iwo anayamba kuloŵa m'dziko lino mwaunyinji cha m'ma 1900, pa nthaŵi ya atsamunda. Ankathaŵa nkhondo, njala, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika kuno, ambiri anakhala m'minda ya Azungu, kumene ankagwira thangata polipirira malo okhala. Pofika 1945 analipo oposa 370,000, ndipo kalembera wa 2018 anapeza Alomwe oposa 3 miliyoni.

Mmodzi wa obwerawo anali Lewis Mataka Bandawe. Iye anafika ku Mishoni ya Blantyre ali mnyamata, naphunzira komweko. Atakula anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. M'chaka cha 1943 anayambitsa bungwe loimira Alomwe, limene linapempha boma kuti lisiye kuwatchula dzina lonyoza. Mbiri ya Bandawe imadziŵika chifukwa anailemba yekha m'buku. Koma mbiri ya mabanja ambiri ili m'mitu ya okalamba basi.

Nanga mwana angalondole bwanji mzera wa makolo ake? Mtsikana wina wa ku Bangwe anachita motere. Poyamba analemba dzina lake pansi pa pepala, ndipo pamwamba pake analemba dzina la amayi ake. Anayambira kuchikazi chifukwa Alomwe, monga Amang'anja ndi Ayao, amaŵerengera mtundu kwa mayi.

Madzulo anagwada pafupi ndi agogo ake aakazi, nati, "Agogo, kodi inu munabadwira kuti?"

"Ndinabadwira ku Thyolo, m'minda ya tiyi," anatero agogowo. "Kuno ndinabwera ndi agogo ako aamuna, atapeza ntchito ya njanji ku Limbe. Amayi anganso anabadwira ku Thyolo komweko. Koma agogo anga anaoloka mtsinje wa Muloza ali kamwana, atabelekedwa kumbuyo. Ife ndife Amihavani."

Mtsikanayo analemba zonsezi. Poŵerenga anapeza mibadwo isanu: iye mwini, amayi ake, agogo ake, amayi a agogo, ndi agogo a agogo. Dzina limodzi agogo analiiŵala, motero anakafunsa amalume a amayi ake, amene ali mwini mbumba. Iwo analikumbuka. Pomaliza anapita ndi amayi ake ku tchalitchi cha kumudzi, kumene anapeza chaka cha kubadwa kwa agogo m'buku la ubatizo.

Wolondola mzera ayenera kufunsa anthu angapo, chifukwa mmodzi angathe kuiŵala kapena kusokoneza maina. Makalata akale, zithunzi ndi zolembedwa pa ziliza zimathandizanso. Mabuku akale a boma amasungidwa ku National Archives ku Zomba.

Ntchito imeneyi ndi yofunika. Mwana wodziŵa mzera wake sasoŵa kwao, ndipo sangakwatirane ndi mbale wake mosadziŵa. Pakabuka mlandu wa munda kapena wa ufumu, akuluakulu amaweruza poyang'ana mzera womwewo. Paja akuti chibale ndi fupa, sichiola. Koma nkhalamba ikamwalira isanafunsidwe, maina onse amene inasunga amapita nayo kumanda.

Mau ofunika kuwadziŵa

thangata: ntchito yogwirira mwini malo m'malo mwa kulipira ndalama
mbumba: alongo ndi ana ao amene mwamuna amayang'anira
chiliza: chomangidwa pamwamba pa manda

Mafunso

1. Kodi Alomwe anachokera kuti?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene ankathaŵa.
3. Chifukwa chiyani mtsikana uja anayambira mzera wake kuchikazi?
4. Perekani tanthauzo la mwambi wakuti, "Chibale ndi fupa, sichiola."

Ntchito

Funsani makolo anu maina a mibadwo inayi ya banja lanu. Lembani mainawo pamodzi ndi malo amene aliyense anabadwira.