Magazi, Ubongo ndi Chiyambi cha Misala

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 1.4 okha, komatu ndi wosusuka. Mwa mpweya wa okosijeni umene thupi limagwiritsa ntchito, gawo limodzi mwa magawo asanu limathera mu ubongomo. Pa mphindi iliyonse mumadutsa magazi okwana mamililita pafupifupi 750, kuposa mabotolo awiri a Fanta. Ndipo chigawo chimene chikugwira ntchito kwambiri pa nthawiyo ndicho chimaitana magazi ambiri.

Tsono akatswiri anafunsa: kodi magazi amayenda bwanji mu ubongo wa munthu wodwala misala ija amati schizophrenia? Mu 1948, Seymour Kety ndi anzake ku America anayeza magazi onse olowa mu ubongo wa odwalawa, napeza kuti sakusiyana ndi a anthu ena. Kusiyana kunaoneka mu 1974 pamene David Ingvar ndi Göran Franzén ku Sweden anayeza chigawo ndi chigawo. Mwa odwala amene anakhalitsa ndi matendawa, mbali yakutsogolo, kuseri kwa chipumi, inkalandira magazi ochepa. Mbali imeneyi ndiyo imatithandiza kukonza zochita, kusunga funso m'mutu pamene tikufuna yankho, ndi kusintha njira tikaona kuti talakwa. Mu 1986, Daniel Weinberger ndi anzake anapatsa anthu mayeso osanja makadi. Kwa anthu athanzi magazi ankathamangira kutsogolo kuja, koma kwa odwala sankachuluka mokwanira.

Panali vuto limodzi: odwala ambiri anali atamwa mankhwala kwa zaka, ndipo mankhwalawo nawonso amasintha kayendedwe ka magazi. Nchifukwa chake lero akatswiri amayeza achinyamata amene angoyamba kudwala, pogwiritsa ntchito makina a MRI. Apeza kuti mwa ena, chigawo chothandiza kukumbukira chotchedwa hippocampus chimakhala ndi magazi ochuluka misala isanaonekere poyera. Tisafulumire kunena kuti magaziwo ndiwo amayambitsa matenda. Magazi amangotsatira ntchito ya maselo, monga utsi utsatira moto, ndipo palibe makina amene angauze dokotala kuti uyu adzadwala.

Nkhaniyi ikutikhudza ife chifukwa kwa anyamata matendawa amakonda kuyamba pakati pa zaka 15 ndi 25. Kawirikawiri sayamba ndi kuvula kapena kukuwa pa msewu ayi. Mnyamata amene ankakhoza bwino amayamba kuwerenga tsamba limodzi katatu osagwirapo kanthu. Amaiwala, amaleka mpira, amadzipatula, tulo timamuthawa. Kenaka amayamba kukayikira anzake kuti akumunena, kapena kumva mawu amene ena sakuwamva. Ife timati ndi ulesi kapena kunyada. Kumudzi amati amulodza chifukwa cha sukulu. Chamba nacho chimawonjezera chiopsezo, makamaka kwa amene anayamba kusuta ali aang'ono, koma si wodwala aliyense amene anasutapo.

Kafukufuku m'mayiko ambiri waonetsa kuti wodwala akachedwa kulandira mankhwala, kuchira kwake kumavutanso. Choncho mukaona zotere mwa mnzanu kwa milungu ingapo, kauzeni abambo Rector kapena abambo otsogolera moyo wauzimu. Kutero si kumunenera. Mumpempherere ndithu, koma apitenso kuchipatala cha boma, kumene angamutumize ku Zomba Mental Hospital kapena kwa a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Makolo, mwana akabwera ku tchuthi atasintha chotere, musadikire teremu ina.