Kapaipi Kotulutsa Magazi Pambuyo pa Opaleshoni ya Chiuno Kapena Bondo

Mfundo ya m'chiuno kapena ya bondo ikaperepeseka kotheratu, madokotala amaichotsa ndi kuikapo ina yachitsulo ndi pulasitiki. Njira ya m'chiuno anaikhazikitsa ndi John Charnley ku England m'chaka cha 1962. Popeza fupa lochekedwa limatuluka magazi ambiri, nthaŵi zina dokotala amasiya kapaipi m'bala, kamene kamakokera magaziwo m'botolo lotseka.

Kale kapaipika kanali kuikidwa pafupifupi kwa aliyense. Koma kafukufuku wa bungwe la Cochrane wa m'chaka cha 2007 anasonyeza kuti sikateteza bala ku tizilombo, ndiponso kuti odwala oikidwa kapaipi amafunika kuonjezeredwa magazi kaŵirikaŵiri kuposa anzawo. Nchifukwa chake madokotala ambiri anakasiya. Tsono wodwala akatuluka m'chipinda cha opaleshoni alibe kapaipi, abale asaganize kuti dokotala waiŵala.

Kakaikidwa, kamachotsedwa pakapita tsiku limodzi kapena aŵiri, pakuti kakakhalitsa kamasanduka njira ya tizilombo. Apa mpamene wodikirira wodwala ayenera kusamala kwambiri. Asakoke kapaipi potembenuza wodwala, asatsegule botolo, ndipo asalikweze kupitirira bala. Botolo likadzaza msanga ndi magazi ofiira, aitane namwino nthaŵi yomweyo.

Kunyumba, kabowo kotsalako kamatsekeka kokha m'masiku ochepa. Kuthirapo phulusa kapena mankhwala azitsamba nkoopsa, chifukwa tizilombo tikafika pa chitsulo chija, kaŵirikaŵiri pamafunika opaleshoni ina. Bala likatupa, likamatuluka mafinya, kapena thupi likatentha, wodwala abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.