Phunziro la Nzika: Dzina Lachiwiri pa Pepala la Voti

Inu a kwa Kanyenda ndi ena nonse a m'mbali mwa nyanja, tiyeni lero tiphunzirane za munthu amene ambiri a ife timamsankha osamyang'ana nkhope. Pa tsiku la chisankho, mukalandira pepala losankhira mtsogoleri wa dziko, maso anu athamangira ku dzina la wamkulu ndi chizindikiro cha chipani chake. Koma pomwepo palinso dzina lina, la munthu amene adzakhala Wachiwiri kwa Pulezidenti. Mukachonga kamodzi, mwasankha onse awiri.

Nanga munthu ameneyu afikapo bwanji pa pepalapo? Malamulo aakulu a dziko la Malawi, amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1994, pa gawo 80 alamula kuti yense wofuna mpando wa Pulezidenti atchule womtsatira wake pa nthawi imene apereka makalata ake ku bungwe loyendetsa chisankho. Womtsatirayo akhale Mmalawi wa zaka zosachepera 35, monga mwini wake womtchulayo. Kale sikunali kotero. M'masiku a Dr. Kamuzu Banda mpando wa wachiwiri kunalibe, ndipo pamene iwo anadwala mu Okutobala 1993 napita ku chipatala ku South Africa, dziko linasungidwa ndi bungwe la anthu atatu lotsogozedwa ndi a Gwanda Chakuamba.

Tsono m'malamulomo muli mfundo ziwiri zimene tiyenera kuzigwiritsa. Yoyamba ili pa gawo 83: Pulezidenti akamwalira kapena kutula pansi udindo, Wachiwiri wake ndiye alowa pa mpando kufikira nyengo ya zaka zisanu itatha. Pa mwambo wa Achewa, mfumu ikagona mbumba iyamba yakhala pansi kuunguza pakati pa ana a alongo ake. Koma pa ufumu uwu wa boma wolowa m'malo adziwikiratu mwini mpando ali moyo. Yachiwiri ndi iyi: Pulezidenti alibe mphamvu yochotsa Wachiwiri wake wosankhidwa ndi anthu. Nduna ingathe kugona ili nduna ndi kudzuka ili munthu wamba, itangomva pa wailesi, Wachiwiri ayi. Kumchotsa iye ndi ntchito ya Nyumba ya Malamulo, ndipo pafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu.

Kodi wofuna Upulezidenti amaganiza zimenezi posankha mnzake? Kawirikawiri mtima wake uli pa mavoti. Wa kumwera afuna wa pakati kapena wa kumpoto. Nkhalamba ifuna mnyamata wokoka achinyamata anzake. Wina ayang'ana chipembedzo, wina chuma, winanso atenga mtsogoleri wa chipani china kuti anthu ake adze naye. Sitinena kuti kuteroko n'kulakwa, pakuti wosapambana salamulira. Choipa n'chakuti amene asankhidwa chifukwa cha tsiku limodzi la voti akhala pamenepo zaka zisanu. Asodzi athu okoka chilimira adziwa kuti mabwato awiri agwira khoka limodzi, ndipo opalasa a bwato lina akayamba kupalasira kwao, usipa wonse uthawa.

Ife a boma la Nkhotakota zimenezi sitichita kumva kwa alendo. Dr. Cassim Chilumpha, katswiri wa malamulo, phungu wakale wa kumwera kwa boma lino, amene anakhalapo nduna ya zachuma ndi ya maphunziro, ndi mwana wa kwathu konkuno. M'chaka cha 2003 chipani cha UDF, pansi pa a Bakili Muluzi, chinawaika pamodzi ndi Dr. Bingu wa Mutharika. Pa maso zinaoneka zolongosoka: wina wa ku Thyolo, wina wa chigawo cha pakati, wina Mkhristu, wina Msilamu. Anapambana pa 20 Meyi 2004. Koma taonani, awiriwa sanasankhane okha, anachita kuwalumikiza. Mu Febuluwale 2005 a Mutharika anatuluka mu UDF nayambitsa chipani cha DPP, pamene a Chilumpha anatsalira m'chipani chakale. Kuyambira pamenepo Pulezidenti ndi Wachiwiri wake anali m'misasa iwiri yodana.

Mu Febuluwale 2006 a Mutharika analengeza kuti Wachiwiri wao wadzichotsa yekha pa udindo, popeza sanali kufika ku misonkhano ya nduna. A Chilumpha anakana kuti sanatule pansi kanthu, nathamangira ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo bwalolo linaletsa kuwachotsa. Mu Epulo chaka chomwecho anamangidwa pa mlandu wofuna kupha Pulezidenti, umene iwo anaukana, ndipo mlanduwo unakhala zaka zambirimbiri osatha. Si kwa ife kuweruza amene anachimwa pakati pa awiriwa. Chimene tiyenera kuona n'chakuti kufikira Meyi 2009 dziko linali ndi Wachiwiri wa dzina lokha, wosakhala pa upo wa boma, koma amene akanalowa pa mpando tsiku lililonse Pulezidenti akanagwa. Boma lathu linali ndi mwana wake pafupi ndi mpando waukulu, osadyapo phindu lake.

Mwina wina anganene kuti zimenezo zinali za anthu awiriwo basi. Ayi ndithu, nthendayi inabwereranso. Mu 2009 a Mutharika anasankha okha Mayi Joyce Banda, napambana ndi mavoti ochuluka kwambiri. Pofika Disembala 2010 chipani cha DPP chinali chitawachotsa mayiwo, koma pa Uchiwiri sanachoke. Ndipo pa 5 Epulo 2012 Pulezidenti anamwalira mwadzidzidzi. Nduna zina zinayesa kutsekereza njira, koma lamulo linaima nji, ndipo pa 7 Epulo Mayi Banda analumbira ku Lilongwe kukhala Pulezidenti. Ndani mwa oponya voti mu 2009 anadziwa kuti dzina lachiwiri lija ndilo lidzalamulira zaka ziwiri?

Maiko ena anaona zomwezo. Ku America, Harry Truman anakhala Wachiwiri masiku 82 okha pamene Franklin Roosevelt anamwalira mu Epulo 1945, nkhondo yaikulu isanathe. Ku Tanzania, Mayi Samia Suluhu Hassan analowa m'malo mwa John Magufuli mu Malichi 2021. Abale athu a ku Zambia anataya atsogoleri awiri ali pa mpando, Levy Mwanawasa mu 2008 ndi Michael Sata mu 2014, ndipo kawiri konse anaononga chuma kuchititsa chisankho chapadera. Mu 2016 anasintha malamulo ao kuti nawonso azisankha Pulezidenti pamodzi ndi womtsatira.

Kuno kwathu nkhani inapitirira mwa njira yakeyo. A Khumbo Kachali, amene Mayi Banda anawaika pa Uchiwiri mu 2012, anasiyidwa pa chisankho cha 2014 natengedwa a Sosten Gwengwe. Dr. Saulos Chilima anaima ndi a Peter Mutharika mu 2014, nasiyana nao mu 2018, ndipo mu 2019 anapikisana nao akali Wachiwiri wao. Pa 3 Febuluwale 2020 bwalo la milandu linafafaniza chisankho cha 2019, nilinenanso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti opyola theka. Chigamulo chimenechi chinakweza mtengo wa womtsatira, chifukwa tsopano n'kovuta kuti chigawo chimodzi chipereke Pulezidenti pachokha. Pa chisankho cha 23 Juni 2020 mbali zonse ziwiri zazikulu zinatenga mtsogoleri wa chipani china: Dr. Lazarus Chakwera anaima ndi a Chilima a UTM, a Mutharika anaima ndi a Atupele Muluzi a UDF.

A Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, a Chakwera anaika Dr. Michael Usi m'malo mwao, pakuti gawo 84 lipatsa Pulezidenti mphamvu yodzaza mpandowo popanda chisankho. Koma pa chisankho cha 16 Seputembala 2025 anaima ndi a Vitumbiko Mumba, ndipo anapambana ndi a Peter Mutharika, amene womtsatira wao anali Dr. Jane Ansah, woweruza wakale wa bwalo lalikulu la apilo.

Kanthu kamodzi katsala kamene kasokoneza ambiri pa zokambirana za m'mudzi. Malamulo alola Pulezidenti kuika Wachiwiri wina wachiwiri, wochokera kunja kwa chipani chake, monga anakhalira a Chakufwa Chihana mu 1994 ndi 2003, ndiponso mwana wao a Enoch Chihana mu 2025. Ameneyu sasankhidwa ndi inu, ndipo mpando waukulu ukakhala wopanda munthu salowapo iye. Wolowapo ndi uja dzina lake linali pa pepala lanu.