Phunziro la Amai: Kunika Ulusi ndi Kuluka Kacipewa ka Khanda

Mwezi wa Mei ukafika mphepo iyamba kuzizira, ndipo pofika Juni ndi Julai anthu a ku Dedza, ku Mulanje ndi ku Thyolo adziwa okha cimene cisanu cicita m'mamawa. Munthu wamkuru akamva cisanu anjenjemera, nasendera kumoto, nafunda. Khanda lobadwa dzulo silikhoza kucita cimodzi ca izi. Mutu wace ngwaukuru poulinganiza ndi thupi lace, tsitsi nlocepa, ndipo kutentha kwa thupi kuturukira pamenepo msanga, monga nthunzi ituruka mu mphika wosabvundikira. Cifukwa cace phunziro lathu la mwezi uno liri la kacipewa.

Anthu a cipatala ati thupi la khanda liyenera kukhala pa madigiri 36.5 kufikira 37.5. Likatsika kupyola apo mwana afooka, aleka kuyamwa bwino, ndipo nthenda impeza alibe mphamvu. Oopsedwa koposa ndiwo ana obadwa masiku asanakwane. M'caka ca 2012 bungwe la WHO, pamodzi ndi mabungwe ena, linalemba kuti m'Malawi ana 18 mwa ana 100 ali onse anali kubadwa cotero. Njira yosungira ana otere, imene aicha kangaroo, inayamba ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, nifika ku cipatala ca Zomba mu 1999: mwana amgoneka pacifuwa ca amace, khungu ndi khungu, nammanga ndi nsaru. Taonani tsono, thupi lonse libisika m'nsaru, koma mutu utsala kunja. Pamenepo mpamene pafunika kacipewa, ndipo kakhale ka ulusi wokhuthala, pakuti wotere ufunditsa bwino, ulukika madzulo amodzi, ndipo wophunzira kumene aona msanga pamene walakwa.

Tiyambe ndi ulusi, popeza ambiri alakwira pomwepo. Ulusi wa m'misika, umene tiucha wulu, kawiri kawiri suli ubweya wa nkhosa iai. Ngwa acrylic, wopangidwa ndi mankhwala ocokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Ulukika bwino, ufunditsa ndithu, ndipo amai amene ali nao aluke nao osacita manyazi. Koma utoto wa zomera suulowa. Mungauphike tsiku lonse, udzaturuka monga unalowera. Kuti muzindikire, dulani kacidutswa, mukatenthe ndi macesi. Ubweya weniweni ununkha ngati tsitsi lopserera, moto wace uzima wokha, ndipo cotsala cifikisika ndi zala. Acrylic asungunuka, nasiya kampira kakuda kouma. Thonje liyaka msanga ndi pfungo la pepala. Ilo lilandira utoto pang'ono, koma likanyowa lizizira, cotero silikoma pa nchito iyi.

Nanga ubweya weniweni upezeka kuti? Pafupi pomwe, pa kaunjika. Funani juzi yoyera kapena yotumbuluka, ngakhale yobooka m'zigongono, pakuti yotere itsika mtengo. Ikhudzitseni pakhosi panu: ikakuyabwani inu, khanda idzalisautsa koposa. Penyaninso misoko ya mkati. Ngati mbali zace zinadulidwa ndi makina, isiyeni, cifukwa ulusi wace udzaturuka tizidutswa tokha tokha. Kunyumba masulani misoko, ndi kuphwasula juziyo kuyambira kumapewa kutsikira kunsi. Kulungani ulusi pa cotsamira ca mpando kuti ukhale ngati nkhata yaikuru, nimuumange malo anai momasuka; pomangika kolimba utoto sufikapo, patsala poyera. Mukatero ucapeni ndi sopo m'madzi ofunda. Ukakhala woonda musade nkhawa, mudzaluka zingwe zitatu pamodzi.

Ena adzafunsa kuti kunika nkwaciani, popeza mtundu sufunditsa. Nzoona. Koma coyera m'nyumba ya utsi cida sabata limodzi, ndipo m'cipinda ca cipatala mmene muli amai ambiri, wa kacipewa kacikasu sakangana ndi mnzace pa cingwe coyanikira. Ndiponso juzi yakale ikanikidwa palibe aizindikira.

Utoto umene ndiuyamika koposa ngwa makoko ouma a anyezi, amene ogulitsa pamsika angotaya. Pa ulusi wa magalamu 100 mufuna makoko ngati magalamu 50, ndipo popeza ngopepuka adzadzaza mbale yaikuru. Awiritseni ora limodzi mu mphika umene simuphikiramo cakudya, sefani madziwo ndi nsaru, nimuwaleke atsike akhale ofunda cabe. Tsono ikamoni ulusi uli wonyowa, madzi aumize wonse. Sonkhezani moto pang'ono pang'ono kufikira madzi afuka nthunzi, koma asabwadamuke, ndipo akhale cotero ora lina limodzi. Apa mpofunika kuleza mtima. Ubweya ukatakasidwa ngati nsima, kapena ukacoka m'madzi otentha nulowa m'ozizira, ugwirana nukhala cikwakwa cosamasulika, ndipo nchito yonse yaonongeka. Ungoutembenuza kawiri ndi kamtengo. Phulani mphika, ulusi ugone momwemo kufikira m'mawa.

Makoko okha apatsa mtundu wacikasu wopita ku kufiirira. Amene akhoza kupeza alamu, ndiwo mcere woyera uja ena ayeretsera madzi, ayambe watenthetsa ulusi ora limodzi m'madzi osungunuliramo magalamu 10 pa ulusi wa magalamu 100; cikasu cidzawala, ndipo cidzakhalitsa. Masamba a tiyi apatsa mtundu wa dothi. Mphika wa dzimbiri udetsa mtundu uli wonse, nuumitsa ubweya. Makungwa a mlombwa ndi a mbawa ali nao utoto wofiirira, ndipo akoma pa cipewa ca agogo, koma ca khanda ine ndingoti anyezi ndi tiyi, zinthu zimene tizidziwa kuti sizipweteka khungu. Nikani ulusi wonse nthawi imodzi, pakuti mphika waciwiri sufanana konse ndi woyamba.

M'mawa tsukuluzani, ndi kutsukuluzanso, kufikira madzi aturuka oyera mbee. Musakame mopotokola; finyani cabe, nimuyanike pamthunzi. Mudzaona kuti pena padetsa, pena patumbuluka. Kumeneko si kulakwa, ndiwo maonekedwe a ulusi wonika pamanja, ndipo polukidwa akoma.

Singano zolukira musagule. Masipoko a njinga amene atsikana alukira ngoonda pa ulusi uwu. Pemphani bambo aseme ziwiri za nsungwi, zotalika masentimita 30, zonenepa ngati pensulo, nsonga zobuntha. Zikhulidwe ndi mcenga ndi kupakidwa kandulo, kuti pasatsale kacitsotso kokola ulusi.

Tizingwe tozinga pa singano ticha maso, monga maso a ukonde. Kuika maso oyamba pa singano kubvuta kulongosola pa pepala. Mnzanu wodziwa akuonetseni, mudzagwira nthawi yomweyo. Kalukidwe kace nkamodzi basi. Lowetsani singano ya kudzanja lamanja m'diso loyamba, zengani ulusi pa nsonga yace, kokani ulusiwo upyole m'disomo, ndi kutsitsa diso lakale. Mukatha mzere tembenuzani, mucitenso cimodzimodzi. Colukidwa cotero cikhala ca mizere ngati ya m'munda, cikhuthala, ndipo citanuka.

Musanayambe cipewa yesani dzanja lanu, pakuti wina aluka momangitsa, wina motayirira. Ikani maso 12, lukani mizere 10, nimuyese m'lifupi mwace. Akakwana masentimita 10, ziwerengo zotsatirazi nzanu. Akapitirira cepetsani maso, akaperewera onjezani. Mutu wa khanda lokwana masiku uzungulira masentimita ngati 34, ndipo cipewa cicepe pang'ono kuti cigwire: ikani maso 36. Wobadwa masiku asanakwane, maso 32 kapena 28. Munthu wamkuru, maso 60.

Lukani kufikira nsaruyo yatalika masentimita 10; ca mwana wamng'onoyo 8, ca wamkuru 18. Tsono mutseka kumutu. Lukani maso awiri awiri pamodzi mzere wonse, ndipo pa 36 patsala 18. Mzere wotsatira lukani monga kale. Bwerezani awiri awiri, patsale 9. Dulani ulusi kusiya utali wa mkono, muupyoze m'maso otsalawo ndi singano yosokera ya diso lalikuru, nimukoke monga mumanga kukamwa kwa thumba. Ndi ulusi womwewo sokani mbali ziwirizo, m'mphepete mweni mweni, kuti msoko ukhale wosalala. Mutu wa khanda ngwofewa, ndipo mfundo youma isiya cizindikiro. Zingwe zomangira kucibwano ndi timipira tokometsera musaike, zikhoza kukola kapena kutsamwitsa mwana.

Pobveka, cipewa cifike pamakutu, koma maso ndi mphuno zikhale poyera, ndipo usiku muziyang'ana ngati sicinatsetserekere kunkhope. Gwirani kumbuyo kwa khosi la mwana: akacita thukuta, kapena akatentha thupi, mbvuleni. Mwana wozizira amene wakana bere, cipewa cokha sicimciritsa. Muikeni pacifuwa, mupite naye ku cipatala tsiku lomwelo.

Lukani tiwiri, kuti kena kakacapidwa kena kakhale kumutu. Ulusi wa magalamu 100 ukwanira. Ndidziwa kuti m'midzi ina amai oyembekezera aopa kukonzeratu zobvala za mwana asanaoneke. Kumeneko apongozi, kapena alamu, kapena mnansi aluke iwo, nasunge m'nyumba mwao mwakacetecete. Koma tithe pofika mwezi wacisanu ndi ciwiri wa pakati, pakuti mwana wofuna kacipewa koposa ndiye afika osayembekezeka.